Kugogoda pa Benchi

Mu shopu yathu ya matabwa munali lamulo limodzi. Munthu asanayatse makina ocheka, ankatenga nyundo n'kumenya benchi kawiri. Mnzake, kaya ali pakona iti, ankasiya chilichonse n'kukweza manja onse m'mwamba. Manja akaoneka, ndiye swichi. Benchiyo ndi yaitali, inagundana ndi tebulo la makina, ndipo ukaimenya imanjenjemera mpaka kumapeto. Ngakhale m'phokoso umaimva m'mikono.

Lamuloli analiyambitsa ndi alamu anga, achimwene ake a malemu mkazi wanga, chaka chimene makinawo anandidula nsonga ya chala chamkombaphala. Anatola kachidutswako pa utuchi, n'kukayang'ana, n'kunena kuti, «Alamu, kuyambira lero makina awa azipempha kaye chilolezo.»

Tinayamba kugwira ntchito limodzi tsitsi lathu lili lakuda. Makasitomala ankawatchula Wailesi, chifukwa pakamwa pawo sipankatsekeka. Ine ankanditchula Chitsa. Dzinali anandipatsa ndi alamu omwewo. Ankauza aliyense kuti mlongo wawo anakwatiwa ndi chitsa, koma chitsa chodziwa kukhoma mipando.

Mkazi wanga ankabwera ndi tiyi m'fulasiki dzuwa likakwera pang'ono. Ankakhala pa mulu wa matabwa, iye ndi achimwene akewo n'kumasinja nkhani za mumsewu wonse, ine ndikumwa tiyi. Atamwalira, alamu anapitiriza kulankhula, koma woyankha panalibe. Pang'onopang'ono nkhani zawo zinachepa. Ndinkati ndi chisoni. Sindinadziwe kuti ndi makutu. Mu shopu ngati yathu munthu akhoza kugontha osadziwika. Chilichonse chinali ndi chizindikiro chake. Ukaloza, ndiye tepi. Ukagwedeza mutu, ndiye thabwa lapindika. Mawu sankafunika.

Kuiwala kunayamba ndi zinthu zoseketsa. Ankafunafuna pensulo ili kukhutu. Zimenezo tonse timachita. Kenako anapita kukagula misomali n'kubwera ndi buledi.

«Misomali ya masiku ano ndi yofewa,» anatero akuseka, ndipo tinadya.

Koma tsiku lina anadula miyendo ya tebulo la mayi wina wa lesitilanti, mwendo umodzi n'kufupika. Anaima n'kumauyang'ana nthawi yaitali. Munthu ameneyu ankayeza thabwa ndi diso, tepi n'kumangovomereza. Tsiku limenelo sanaseke.

Ali ndi mwana mmodzi wamkazi, amene amagwira ntchito mu ofesi. Kuyambira ali kamwana bambo ake amamutchula Abwana, chifukwa ankalamula nyumba yonse. Ndiye amene anawatengera kuchipatala, ndipo anandiuza kuti ndipite nawo popeza ndine amene ndinkakhala nawo tsiku lonse.

Dokotala anali mayi wachitsikana wovala magalasi. Anawayeza magazi ndi makutu, anawauza mawu angapo kuti awasunge m'mutu, kenako anawapatsa pepala kuti ajambule wotchi. Alamu anajambula bokosi la wotchiyo mokongola, ndi m'mphepete mwake mosemedwa. Manambala anawaunjika mbali imodzi. Atafunsidwa mawu aja anakumbuka amodzi okha.

«Enawo ndinawabwereketsa,» anatero.

Dokotala anamwetulira pang'ono, kenako anatembenukira kwa Abwana.

«Si matenda aakulu oiwala aja ayi. Pakali pano ayi. Akuiwala kuposa anzawo a msinkhu wawo, koma akutha kudzisamalira. Ena amaima pomwepa zaka zambiri. Ena amatsetsereka.»

«Chimawatsetseretsa n'chiyani?» anafunsa Abwana.

«Zina sitingazigwire, monga ukalamba ndi zakumtundu. Makolo awo anatha bwanji?»

Abwana anayang'ana pansi. Apongozi anga aakazi anatha akutchula ana awo omwe kuti akuba.

«Zina tikhoza kuzigwira,» anapitiriza dokotala. «Bipi yawo ndi yokwera, shuga wayamba. Mowa ndi fodya asiye. Makutuwa akufunika kachipangizo kothandiza kumva, chifukwa munthu wosamva bwino amasiya kucheza, ndipo mutu wosacheza umakhala ngati nyumba yopanda anthu, imagwa msanga. Choncho asamakhale okha. Akhale ndi chochita, akhale ndi wolankhula naye.» Anandiyang'ana ine. «Bambo, inu mumacheza nawo?»

Zimenezo alamu anazimva bwinobwino.

«Adokotala, mwafunsa chitsa! Uyu akalankhula mawu awiri amakagona, watopa.»

Tikutuluka, Abwana anangoyang'ana chala changa chodukachi. Pa zonse zimene dokotala ananena, iye anali kuganiza za makina.

Sabata yomweyo anawatenga n'kukawaika kunyumba kwake. Anawapatsa chipinda chakumbuyo, choyera bwino, chokhala ndi bedi latsopano ndi tivi. Mchere anachotsa patebulo. Mankhwala ankawapatsa yekha asanapite kuntchito. Kachipangizo ka m'khutu anagula kabwino. Mwana ameneyu sanachite ulesi pa chilichonse. Koma m'mawa iye ndi mwamuna wake ankatuluka n'kukhoma geti, ndipo ankabwera dzuwa likulowa.

Patapita masabata angapo ndinapita kukawaona tsiku lopuma. Anali masana, koma anali asanavule zovala zogonera. Tivi inali kubangula. Kachipangizo kaja kanali pawindo. Manja anawaika pamaondo, zala zitapindika, ngati zipangizo zimene munthu waziiwala panja.

«Makina munathira mafuta?» anandifunsa.

Ndinavomera.

Tinakhala. Ndinamwa tiyi amene Abwana anabweretsa.

«Makina munathira mafuta?»

Ndinapita kukhitchini. Abwana anali kutsuka mbale.

«Abwerere ku shopu,» ndinatero.

«Amalume, musayambe.»

«Dokotala anati asakhale okha.»

«Dokotala sanaone makina anu aja. Mukufuna tsiku lina mundibweretsere dzanja la bambo anga mu jumbo?»

«Kuno akutha.»

«Nanga kumeneko azicheza ndi ndani? Ndi inu? Azakhali ankachita kufunsa anthu apanja kuti adziwe ngati mwamuna wawo wakhuta.»

Sindinachoke. Ndinaima pakhomo la khitchini mpaka anamaliza mbale zonse, anapukuta sinki, n'kupukutanso kachiwiri.

«Muima pomwepo mpaka liti?»

«Ubwere nawo mawa. Udzaone chinthu chimodzi.»

Anabwera nawo asanapite kuntchito. Alamu atangolowa ananunkhiza mpweya wa utuchi, n'kupita pa benchi, n'kuyamba kusisita thabwa limene ndinasiya dzulo lake. Anali atatipatsa msana, kachipangizo kali m'thumba. Ndinatenga nyundo n'kumenya benchi kawiri. Manja onse anakwera m'mwamba nthawi yomweyo.

«Ndagwidwa, Abwana! Musawombere!» anakuwa osatembenuka.

Abwana anaseka, kenako anatuluka panja n'kukaima pafupi ndi galimoto kwakanthawi. Atabwerera, maso anali ofiira.

«Mutu ukuiwala, manja sanaiwale,» ndinatero.

«Chabwino. Koma swichi asaikhudze. Makina akazima, avale kachipangizo. Mankhwala amwe pamaso panu. Kumowa kuja asapite.» Anandiloza ndi kiyi wa galimoto. «Ndipo tsiku limene mudzamenye benchi iwo osakweza manja, mudzandiuze tsiku lomwelo. Osati mawa lake.»

«Ndidzakuuza.»

«Lumbirani, amalume.»

«Ndanena.»

Ankandidziwa. Sanafunsenso.

Ndiye ndinayamba kuphunzira kulankhula ndili nkhalamba. Ntchito yolemetsa kuposa kunyamula chitseko. Nkhani ndinalibe, choncho ndinkangonena zimene ndikuchita. «Ndikutenga guluu. Guluu wauma. Ndikutsegula wina.» Alamu anandiyang'ana ngati aona galu akuyendetsa njinga.

«Anthuni, bwerani mudzaone, chitsa chaphuka!»

Kenako ndinapeza njira. Ndinkangotchula kasitomala wakale, iwo n'kunyamula nkhani yonse. Ndikati, «Mkulu wa kabati uja,» ankandiuza za bambo amene anaitanitsa kabati yaikulu kuposa chitseko cha nyumba yake, mpaka anagumula khoma. Zakale zinali zonse m'malo mwake. Zadzulo ndi zimene zinkatayika.

Sanali munthu wosavuta. Mchere ankaubisa m'kapepala m'thumba la ovolosi. Ndikangotembenuka, ankazemba n'kupita ku bala ya pakona, kumene anzawo akale ankawagulira botolo pomvera nkhani zawo. Ndinkapita kukawatenga. Mwini bala ankandiona ndikubwera n'kukuwa kuti, «A Wailesi, apolisi anu afika!»

«Alamu, botolo limodzi silinaphepo munthu,» ankadandaula tikubwerera.

«Dokotala anakana.»

«Kamtsikana kaja? Ndinayamba kumwa mayi ake asanabadwe.»

«N'chifukwa chake.»

Komabe miyezi imeneyo anaima. Sanakwere, koma sanatsike. Ankapala matabwa ndi puleni, ankasalaza ndi sandipepa, ankakangana ndi makasitomala za mtundu wa vanishi. Abwana akabwera kudzawatenga madzulo, ankawapeza ali mbuu ndi utuchi, akuimba. Ndipo tsiku lililonse ndikamenya benchi, manja ankakwera.

Tsiku lina m'mawa tikumwa tiyi, kapu inawapulumuka. Anafuna kunena kanthu, mawu n'kutuluka opotoka, mbali imodzi ya mlomo itagwa. Pofika kuchipatala zinali zitatha, ndipo alamu ankaseketsa anamwino. Dokotala yemwe uja sanaseke. Anati kamtsempha kakang'ono m'mutu kanatsekeka kwakanthawi, ndipo bipi ndi imene ikuchita zimenezi. Anati timitsempha totere tikamatsekeka kawirikawiri, munthu amatsika ngati pa masitepe.

Anabwerera ku shopu, koma sitepe imodzi anali atatsika. Ankapala thabwa mobwerera, n'kumadabwa kuti likukhadzuka. Nkhani ya mkulu wa kabati ankaiyamba n'kuisiya panjira. Ndinkaimaliza ine, moipa. Manja okha ankakwerabe, ndipo ine ndinkagwira pomwepo.

Tsiku lake linali wamba. Tinali ndi zitseko za mphunzitsi wina amene ankamanga nyumba. Dzuwa linali litalowa pakhomo mpaka pakati pa shopu. Ndinaika thabwa pa tebulo la makina n'kupita ku swichi. Alamu anali ataima mbali inayo, akuchotsa utuchi m'mano a mpeni wa makinawo ndi zala, dzino limodzilimodzi, mosamala.

Ndinamenya benchi kawiri.

Anapitiriza kuchotsa utuchi.

Ndinati mwina ndamenya mofewa. Ndinamenyanso mwamphamvu, mpaka pensulo inadumpha n'kugwa pansi. Anadzutsa mutu. Anayang'ana nyundo, n'kuyang'ana ine, akumwetulira.

«Benchi yakulakwirani chiyani, alamu?»

Zala zawo zinali pakati pa mano a mpeni. Chala changa chinali pa swichi. Ndinachichotsa pang'onopang'ono n'kuchiika m'thumba.

Mu shopu munalibe munthu wina. Mumsewu munkadutsa magalimoto. Ndinazula waya wa makina pakhoma, ndinatenga sipanala, n'kuyamba kumasula mpeni. Alamu anandigwirira mbali ina kuti usazungulire.

«Wabuntha?» anafunsa.

«Wabuntha.»

Ndinaupachika pa msomali pamwamba pa khoma, pamene munthu sangafike popanda makwerero. Tsiku lonse tinacheka ndi sowo yamanja, ngati mmene tinayambira. Iwo anasangalala. Anati makina anapangidwira anthu aulesi. Pofika madzulo phewa langa linali moto, ndipo chitseko ngakhale chimodzi chinali chisanathe.

Tsiku lonselo ndinkaganiza. Makina palibe, ngozi palibe. Ndani angadziwe? Iwo anali ataiwala kale. Koma ndinali nditanena.

Abwana anafika ndi chikwama chake paphewa. Anaima pakhomo. Ali ndi maso a azakhali ake, saphonya kanthu. Anaona waya pansi, anaona mpeni pakhoma.

«Makina afa?»

«Ayi.»

Anadikira.

«Sanakweze,» ndinatero.

Anatseka maso. Bambo ake anali kumapeto kwa benchi, akusesa utuchi n'kumaimba chapansipansi.

«Mpeni ndachotsa. Makina sindidzawayatsanso. Bambo ako akhale.»

«Nanga izi?» Analoza sowo, analoza zosemera zakuthwa zili ndandanda pakhoma. «Nanga msewu uwo? Lero aiwala benchi. Mawa akazemba kupita ku bala n'kuiwala kuti magalimoto amapha?»

«Ndiziwayang'anira.»

«Muli ndi maso angati, amalume? Inunso mwakalamba.»

«Kuchipinda kuja akatha msanga.»

«Ndikudziwa!» anakuwa, mpaka bambo ake anatembenuka. Anatsitsa mawu. «Mukuganiza kuti sindikudziwa? Koma akatha ali ndi manja onse. Ndipo sindidzaitanidwa kukawatola pamsewu.»

Mawu amene ndinali nawo ndinali nditawagwiritsa ntchito onse.

Alamu anavula ovolosi n'kuipachika pa msomali wake. Pakhomo anatembenuka.

«Mawa, a Chitsa. Musachedwe. Zitseko za aphunzitsi sizidzikhoma zokha.»

Ovolosiyo ikadali pa msomali womwewo.

Abwana anapeza mayi wina woti azikhala nawo masana. Ndi mayi wabwino, amawasambitsa, amawadyetsa, koma sadziwa mkulu wa kabati. Ine ndinasintha nthawi zanga. M'mawa ndimakwera basi kupita kumeneko ndi kathabwa ndi sandipepa m'chikwama. Shopu ndimatsegula masana. Makasitomala ambiri anapita kwa ena. Mphunzitsi uja anadzatenga matabwa ake osanena zambiri. Makina sindinawayatsenso. Ndinayesa kamodzi. Ndinamenya benchi kawiri, ndinadikira manja, kenako ndinazimitsa nyali n'kupita kunyumba.

Masitepe aja anatsika mofulumira. Anayamba kubisa buledi pansi pa pilo. Anayamba kufunsa za mlongo wawo, kuti tiyi wachedwa bwanji. Tsiku lina anamutchula mwana wawo kuti anamwino. Abwana anayankha kuti, «Ndabwera, bambo,» n'kukalira m'bafa madzi akutuluka.

Ine ndinapitiriza kulankhula, popeza dokotala anatero. Ndimayamba ndikangolowa. Ndimanena za basi, za mvula, za mtengo umene anadula pakona, za mwini bala amene akudwala miyendo. Ndimanena nkhani zawo zomwe, ndi mawu awo omwe, mpaka kukhosi kumauma. Iwo amasalaza kathabwa. Amakasalaza mpaka kamapyapyala ngati bisiketi, ine n'kubweretsa kena.

Sabata yatha ndinali pakati pa nkhani ya mkulu wa kabati. Ndinali nditafika pamene akugumula khoma. Alamu anasiya kusalaza n'kundiyang'ana mwaulemu, mmene munthu amayang'anira mlendo amene wakhalitsa.

«Bambo, pepani. Inu ndinu a mpingo?»

«Ayi. Ndine mlamu wanu.»

Anaseka n'kupukusa mutu.

«Ayi, bambo. Mlamu wanga ndimamudziwa. Munthu wabwino kwambiri, salankhula. Inu mwalowa muno simunapume. Mutu wandipweteka.»

Ndinatseka pakamwa.

Tinakhala. Panja mayi uja anali kuchapa. Sandipepa anayambanso kulira pa kathabwa. Ndinatenga chidutswa china cha sandipepa n'kuyamba kusalaza mbali yanga ya mpando umene ndinakhalira, popanda chifukwa. Fumbi linagwera pa nsapato zathu. Dzuwa linachoka pawindo n'kufika pa bedi.

Kenako ndinamva sandipepa wawo waima. Anali kundiyang'ana chala chodukachi.

«A Chitsa! Mwabwera nthawi yanji?»

Ndinangogwedeza mutu.

«Mwachita bwino. Kunabwera bambo wina muno, wolongolola koopsa. Mukanamuona.» Anandipatsa kathabwa kuti ndikakhudze. «Kasalala?»

Ndinapititsa chala pamwamba pake. Ndinavomera ndi mutu.

Tsiku limenelo ndinakhala mpaka madzulo, ndipo Abwana anandiperekeza mpaka pageti. Anandifunsa ngati ndikuwalankhulabe monga anatiuzira dokotala.

«Ndasiya,» ndinatero.

Anandiyang'ana kuti ndifotokoze. Basi inali kubwera, ndipo ndinaikwezera dzanja.